Phulusa m'Munda wa Tisauke

1. Munda wa mapesi

Mwezi wa Juni utafika, mphepo ya ku Palabana inayamba kuluma makutu m'mawa. Kuseri kwa msewu wafumbi umene maminibasi amadutsa, bungwe la alimi a m'deralo linali pa kalikiliki. Lachisanu kunali chionetsero cha makina aulimi, ndipo tsikulo linali Lachiwiri. Ena ankazika mitengo ya matenti, ena ankapaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira.

Panali minda iwiri yoti alendo adzaone. Wina unali wa chimanga chouma chimene anachisiya dala chili chiimire, kuti makina okolola adzaonetse ntchito yake. Winawo unali wokolola kale, wodzaza ndi mapesi ogona pansi. Mmenemo ndi mmene ankafuna kudzaonetsa ripa.

Ripa ndi chitsulo cha mano anayi chimene thirakitala imakoka. Sichitembenuza munda wonse ngati pulawo ayi. Chimangong'amba timizere ting'onoting'ono pomwe mbewu idzagwere, mapesi n'kutsala pakati pa mizereyo atafunditsa nthaka.

Munda wa mapesiwo anaupereka m'manja mwa Tisauke Sakala, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu amene anali atamaliza Giredi 12. Kwa miyezi itatu, ba Peterson, dalaivala wamkulu wa bungwe, anali atamuphunzitsa kuyendetsa thirakitala. Bungwe linali ndi malo amodzi okha otumiza wachinyamata ku sukulu ya makina aulimi. Ba Mwaanga, mayi amene anali wapampando, anali atanena poyera kuti Tisauke akadzayendetsa bwino ripa Lachisanu, dzina lake lidzalembedwa.

Zonsezi amayi ake, a Juliet, sankazidziwa. Kunyumba Tisauke ankangoti akukathandiza ku bungwe kusoka matumba. Ankafuna kuti amayi ake adzangoona okha Lachisanu, ataima m'khamu la anthu, mwana wawo ali pamwamba pa thirakitala yofiira. Chinsinsichi ankachisunga ngati switi yobisa m'tsaya.

Madzulo a Lachiwiriwo ba Peterson anamuitanira pakati pa munda.

"Tisauke, bwera kuno, unimvere bwino," anatero mkuluyo, uku akutola phesi limodzi. "Mawa ine na ba Mwaanga tiyenda ku Lusaka kukagula lamba wa makina okolola. Tizabwera madzulo. Munda uyu nausiya na iwe.

"Bantu baganiza kuti chionetsero ni thirakitala. Iyai. Thirakitala ni chitsulo chabe. Chionetsero ni mapesi aya. Ine nagwira ntchito m'mafamu zaka makumi atatu, naona minda yabwino ikusanduka mchenga chifukwa cha machesi. Mapesi ni bulangeti la nthaka, mwana wanga. Dzuwa likaotcha, yasunga chinyezi. Mvula ikagwa na ukali, yagwira madzi kuti yasathawe. Yakaola, yasanduka chakudya cha mbewu. Manje ng'ombe za bene zikalowa muno, zizadya chionetsero chako chonse. Na bana bosaka mbewa, ubayang'anitsitse maningi, chifukwa baja bayenda na moto m'thumba. Usachokepo. Olo wina akuitane bwanji, usachokepo."

"Sinizachokapo, ba Peterson," anayankha Tisauke.

2. M'kati mwa chimanga

Lachitatu kunacha kopanda mtambo. Tisauke anakhala pa chulu cha m'mphepete mwa munda, atadzikulunga chitenje. Ng'ombe sizinabwere. Ana osaka mbewa sanaoneke. Kunangodutsa njinga ziwiri za ogulitsa mkaka, zigubu zikugundana kumbuyo.

Dzuwa litakwera pang'ono, anamva likhweru. Sanafunikire kucheuka. Likhweru limenelo linali la Fabiano, mnyamata wa ku Kasisi wa zaka makumi awiri, amene ankayendetsa chigayo cha bungwe ndi kuthandiza kukonza makina. Tisauke anakonza duku lake msangamsanga.

"Shani, ba dalaivala?" Fabiano anapereka moni, akumupatsa kandolo, mbatata yootcha yokulunga m'pepala. "Mulonda mapesi monga ni golide."

"Ni golide kumene. Iwe uziwa chabe gaga na madeya."

"Ine? Si ndiwe uja unafuna kugwetsa chimbudzi cha ba Peterson pobwerera kumbuyo?"

"Chimbudzi chija chinali chopendekeka kale!" anatero Tisauke, ndipo onse awiri anaseka.

Kenaka Fabiano analoza munda wa chimanga. Anafotokoza kuti makina okolola ndi aakulu, sangakhote popanda malo. Pankafunika kudula mizere itatu ya kumapeto ndi zikwanje kuti makinawo adzapeze pokhotera. Mbali imodzi anali atamaliza, koma mbali ya kumunsi inali ikadalipo.

"Nithandizeko, Tisa. Ola imodzi chabe. Nili na vikwanje viwiri."

"Ba Peterson ananiuza kuti nisachokepo."

"Uona ng'ombe kuti? Mapesi sayamera miyendo."

Tisauke anayang'ana kum'mawa, anayang'ana kumadzulo. Kunali zii. Palibe munthu wina amene ankamutchula kuti Tisa. Anaimirira n'kulandira chikwanje.

M'kati mwa chimanga munali dziko lina. Mapesi anali aatali kuposa mitu yawo, ndipo masamba ouma ankanong'ona mphepo ikadutsa. Matenti sankaoneka, msewu sunkamveka. Ankadula mapesi, kukolola chimanga n'kuchiponya pa mulu. Fabiano anatong'ola njere imodzi n'kuiluma. Inathetheka, khe!

"Wamva? Chauma bwino. Chikakhala chiwisi, makina yachiphwanya. Yesa nawe."

Anamuikira njere m'dzanja. Tisauke analuma, koma sanamve n'komwe ngati yathetheka, chifukwa maso ake anali pa Fabiano. Ola limodzi linatha, lachiwiri linayamba, iwo akucheza za sukulu ya makina, za mvula ya chaka chatha, za galu wa ku chigayo amene ankaopa nkhuku.

Kenaka kutali kunamveka nyimbo. Anali mawu a amayi ambiri, akuimba nyimbo ya kutchalitchi mokoma. Tisauke anamwetulira, pakuti anazindikira mawu a amayi ake akutsogolera. Koma mphepo itatembenuka, inabweretsa fungo limene linamuumitsa thupi lonse.

Linali fungo la utsi.

3. Amayi abwera kudzathandiza

Tisauke anataya chikwanje n'kuthamanga, masamba a chimanga akumucheka m'mikono. Atatulukira poyera, anaima chilili.

M'munda mwake munali amayi khumi ndi awiri a bungwe la kutchalitchi, onse atavala zitenje zofanana. Anali ndi mareki ndi makasu. Mapesi a mbali ya kumtunda anali atawakokera m'milumilu, ndipo milu isanu ndi umodzi inali kuyaka. Patsogolo pa onse panali a Juliet, thukuta lili kamukamu, nkhope yowala ndi chimwemwe.

"Amama! Lekani! Zimitsani moto!"

Nyimbo inaduka. A Juliet anatsamira reki yawo.

"Iwe, ukuwa chiyani ngati wagwidwa na njoka? Tabwera kukuthandiza. Ife anatipempha kuti tisese pa matenti. Tili pompo, namva anzanga akunong'ona kuti munda uja wa vinyalala anapatsa mwana wa a Juliet. Nabwera kuzaona, nagwira pakamwa. Lachisanu kubwera anthu a ku Lusaka, a ku Chongwe, mabwana a magalimoto, azaone munda wosasosa? Azati mwana uyu analeredwa na ndani? Kwathu ku Katete, munda wotere sungaonetse olo mlamu wako. Ndiye nauza anzanga kuti tiyeni timuchotse manyazi mwanayu asanabwere."

"Amama, mapesi aya ndiyo chionetsero!" anatero Tisauke. "Sayafunika kusosa. Ripa ipita pakati pake. Ine ndine nizayendetsa thirakitala Lachisanu. Nikayendetsa bwino, banituma ku sukulu ya makina."

A Juliet anamuyang'ana ngati akuona mlendo.

"Iwe? Thirakitala? Nanga matumba aja unali kusoka?"

Tisauke anaweramitsa mutu.

Panalibe nthawi yofunsana zambiri, chifukwa mphepo inali itayamba kukankhira moto ku mapesi otsala. Amayi aja anathyola nthambi zaziwisi n'kuyamba kupuntha malawi. Fabiano anafika ndi ndowa ziwiri za madzi a pa mjigo. Anamenyana nawo motowo mpaka unagonja, koma theka la munda linali litasanduka lakuda bii, likufuka utsi.

Amayi anzawo a Juliet anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Wina anakumbuka kuti wasiya nyemba pamoto, wina anati mbuzi zake sanazimasule. Posakhalitsa m'munda munatsala anthu atatu okha. A Juliet anakhala pansi pa chulu, miyendo atatambasula. M'mphepete mwa chitenje chawo chatsopano munali mutapsa.

4. Nzeru ya Fabiano

Fabiano anamukokera Tisauke pambali n'kulankhula motsitsa mawu.

"Usalire, Tisa. Ba Mwaanga babwera ma sikisitini awazi, 4 koloko. Tikali na nthawi. Mapesi yaja tadula kumunsi ni yambiri. Nibwereka ngolo, tiyatute, tiyamwaze pamwamba pa phulusa. Palibe azaziwa."

"Nanga bakaona?"

"Tizakamba kuti ni bana ba mbewa. Ndani azabafunsa? Iwe uzapulumuka, na bamayi bako sibazachita manyazi."

Tisauke anayang'ana amayi ake pa chulu paja. Kenaka anagwedeza mutu kuvomera. Fabiano anathamanga, ndipo pasanapite nthawi anabwera ndi ngolo ya ng'ombe ziwiri, itadzaza mapesi. Tisauke anafungatira mtolo woyamba n'kulowa nawo pa phulusa.

"Tisauke." A Juliet sanakweze mawu. "Uchita chiyani?"

Tisauke anafotokoza mwachidule, maso ali pansi. Amayi ake anadzuka pang'onopang'ono, n'kusasa chitenje.

"Bwera pafupi. Nawenso mnyamata, usaime kutali, umve.

"Moto uyu nayatsa ndine, na machesi a m'thumba mwanga. Nalakwa, ndipo manyazi ake ni anga. Nizayasenza. Koma ana a mbewa amene mufuna kuwanamizira ali na amawo. Mawa azakwapulidwa pa mlandu umene sanachite, ndipo azakula akuziwa kuti akuluakulu amanama. Amayi khumi na awiri anali pano. Uganiza kuti pofika Sabata nkhani iyi siizamveka pa tchalitchi? Uzatseka pakamwa pa onse?

"Ndipo tamvera, mwana wanga. Miyezi itatu wakhala uniuza za matumba. Nikhulupirira kuti unafuna kunikondweretsa. Koma ukananiuza zoona, sembe lero nabwera na ndowa ya thobwa, osati na machesi. Bodza lija linali laling'ono, lokoma, koma taona munda. Manje ufuna kuikapo lina lalikulu pamwamba pake? Ukapita ku sukulu ija na bodza, uzakhala ukucheuka masiku onse. Ine sinifuna mwana wocheukacheuka. A Mwaanga akabwera, iwe ukhale chete. Nizawauza ndine kuti nalakwa."

Tisauke anaima ndi mtolo uja m'manja. Fabiano anamunong'oneza kuti nthawi ikutha. Ng'ombe imodzi inakoka phesi m'ngolo n'kuyamba kutafuna.

Tisauke anabwerera n'kuponya mtolowo m'ngolo.

"Yabweze kumene wayatenga, Fabiano."

"Tisa, uzataya malo yako!"

"Kapena. Amama, inu musakambe. Munda anasiyira ine, ndipo amene anachokapo ndine."

5. Pa geti

Galimoto ya bungwe inafika 4 koloko itangodutsa. Tisauke anali ataima pa geti, manja ndi miyendo zili zakuda ndi phulusa. Ba Mwaanga anatsitsa galasi. Anali mayi wamtali, wa imvi pang'ono, wosakonda mawu ambiri.

Tisauke ananena zonse. Ananena kuti anachoka pa munda maola awiri ngakhale anamuletsa. Ananena kuti amayi ake sankadziwa za ripa chifukwa iye anawabisira. Ananenanso kuti anatsala pang'ono kukwirira phulusa ndi mapesi ena, koma sanatchule amene anabweretsa nzeruyo.

Ba Mwaanga anatsika m'galimoto n'kulunjika ku munda, ba Peterson ali pambuyo. Anayenda m'mphepete monse, manja ali kumbuyo. Ba Peterson anavula chipewa n'kukanda mutu.

"Ine ninali kuopa ng'ombe," anatero mkuluyo. "Kansi ninaiwala kwaya."

Palibe amene anaseka, kupatula kuti pakamwa pa ba Mwaanga panagwedera pang'ono. Ba Peterson anapalasa phulusa ndi nsapato.

"Wachita bwino kusakwirira. Ripa siibisa kanthu. Mzere woyamba chabe, sembe mano yafukula phulusa lonse pamaso pa balendo. Aliyense woziwa makina aziwa zimenezo."

Pamenepo ba Mwaanga anatembenukira kwa Tisauke.

"Mtsikana, wanikhumudwitsa. Makina aya si chidole. Dalaivala akauzidwa kuti ima apa, aima. Tsiku lina sikuzakhala mapesi, kuzakhala mwana wa munthu kumbuyo kwa thirakitala, iwe maso yali kwina. Ku sukulu ija kuli banyamata bokamba bwino kupambana ba kuno. Aliyense azakuuza kuti ola imodzi chabe. Ukazayamba kusiya ntchito chifukwa wina wakumwetulira, uzabwera kuno ulibe pepala, ndipo bantu bazakamba kuti taonani, tinatuma mkazi. Uzatsekera njira batsikana bonse ba pambuyo pako. Wamva?"

"Namva, ba Mwaanga."

"Koma nakhala pa mpando uyu zaka zisanu na ziwiri. Makina yakawonongeka, nimauzidwa kuti yawonongeka yokha. Dizilo ikasowa, ati yauma na dzuwa. Ndiwe woyamba kuniyembekeza pa geti."

Ba Mwaanga ali mkati molankhula, a Juliet anafika ndi ndowa pamutu. Anali ataona chitsa china chikufukabe pamalire a mbali yopsa ndi yosapsa. Anapereka moni mwaulemu, atanjuta, kenaka anakhuthula madziwo ndi mphamvu. Theka linagwera pa phulusa, theka pa mapesi.

Madzi a pa phulusa anathamanga kutsetsereka, atasanduka akuda, akukokolola dothi mpaka mu njira. A pa mapesi sanapite kulikonse. Analowa pansi mwakachetechete.

A Juliet anatsala ali chiimire ndi ndowa m'manja.

"Aa! Madzi athawa uku. Koma uku akhala." Anagwada, n'kukankha mapesi, n'kupisa zala m'dothi. "Ndipo pansi pano m'pozizira. Zaka zonsezi nakhala nikuotcha mvula yanga?"

Ba Mwaanga anayang'ana madzi aja, kenaka a Juliet, kenaka ba Peterson.

"Munda uyu musaukhudze," anatero. "Ukhale momwemu, mbali yakuda na mbali ya mapesi. Ba Juliet, Lachisanu nifuna mubwere na ndowa imeneyi. Muzathira madzi pamaso pa bantu, na kukamba mau yamene mwakamba manje. Ine nikakamba, balimi bati ni vya m'mabuku. Inu bazakumverani."

"Ine? Pa chinkuzamawu?" A Juliet anagwira pachifuwa. "Mayo ine!"

"Nanga ine?" anafunsa Tisauke ndi mawu aang'ono.

"Iwe nizakuona mawa poyeserera. Mizere ikakhota, usanifunsenso."

6. Mizere yowongoka

Lachinayi m'mawa matenti onse anali ataima, mbendera zikuuluzika. Ba Peterson ndi Fabiano anamanga lamba watsopano pa makina okolola. Atawaliza, makinawo analowa m'chimanga ngati chilombo chanjala, akumeza mizere iwiri nthawi imodzi. Njere zinkakhuthukira m'ngolo ngati mvula ya matalala, zinyalala zikuulukira kumbuyo. Atafika kumunsi anakhota bwinobwino pa malo aja anadula ndi zikwanje. Ba Peterson anawazimitsa msanga kuti chimanga chambiri chitsalire alendo.

Kenaka inakwana nthawi ya ripa. Anazika ndodo yokhala ndi kansalu koyera kumapeto kwa munda. Tisauke anakwera pa thirakitala.

"Usayang'ane mawilo," anatero ba Peterson. "Yang'ana ndodo. Olo kugwe ndege, iwe ndodo."

Injini inalira. Tisauke anatsitsa ripa, mano anayi analuma nthaka, thirakitala inanyamuka. Anadutsa mbali ya phulusa, fumbi lakuda likufuka. Analowa mbali ya mapesi, ndipo kumeneko mizere inatseguka yofiirira, mapesi atagona pakati pake osasunthika. Fabiano anaima m'mphepete akuimba likhweru, koma Tisauke sanacheuke. Anapita kawiri, anabwera kawiri, n'kuzimitsa.

Ba Peterson anayeza ndi chingwe. Anayezanso kachiwiri. Kenaka anavala chipewa chake n'kunena kuti, "Olo ine sininayambe choncho."

Kumbuyo kunamveka nthungululu. Anali a Juliet, amene anabwera kudzayeserera ndowa yawo pamodzi ndi amayi anzawo onse aja. Anathamangira thirakitala, chitenje chikukwekwereka.

"Tsika nikuone, dalaivala wa matumba! Ungazanibisirenso, nizakuthira ndowa iyi pamutu pamaso pa mabwana!"

Onse anaseka. Amayi aja anagawa thobwa ndi mtedza wophika, ndipo anthu anakhala pa udzu akudya, dzuwa likuwaotha misana. Tisauke anatsamira tayala lalikulu la thirakitala, lomwe linali lofunda. Sanakumbuke tsiku lina limene thobwa linakoma chotero.

Masana ba Mwaanga anamuitanira mu tenti yaikulu. Pa tebulo panali pepala la sukulu ya makina.

"Ninati nizayembekeza Lachisanu, koma naona zokwanira," anatero. "Mawa uyendetse monga lero. Lemba dzina lako apa."

Tisauke anapukuta manja pa chitenje kawiri konse asanagwire cholembera. Analemba pang'onopang'ono, chilembo chilichonse payekha. Ba Mwaanga anasaina pansi pake, n'kudinda chidindo cha bungwe. Kenaka wina anawaitana panja za mipando ya alendo, ndipo anatuluka.

Tisauke ananyamula pepala lake kuti aliyang'anenso. Pansi pake panali pepala lina, lofanana ndendende, lodzazidwa kale ndi inki yabuluu koma losasainidwa. Pamwamba pake, ndi dzanja la ba Mwaanga, panalembedwa kuti: "Woyamba akalephera, apite uyu."

Dzina linali la Fabiano.

Tisauke anawerenga kawiri. Fabiano ankadziwa makina kuposa achinyamata onse a ku Palabana. Sakanalephera kudziwa zimene mano a ripa akanachita ndi phulusa lokwiriridwa. Komanso ndi iye yemweyo amene anathamanga ndi ndowa ziwiri kudzazimitsa moto, mpaka kupsa chala.

Panja likhweru lija linamveka, likuyandikira. Chinsalu cha pakhomo pa tenti chinatukuka, ndipo Fabiano analowetsa mutu, akumwetulira.

"Namva nthungululu, ba dalaivala. Bakupatsa?"

Tisauke anapinda pepala lake n'kuliika m'thumba. Kenaka anatenga lachiwiri lija, n'kulitembenuzira kwa iye.

"Lowa, Fabiano," anatero. "Khala pansi. Uniuze kuti unaziwa liti za pepala ili."